Ankathyola Makwerero a Galimoto Yanga Ndani?

Tsika pamenepo iwe Tamara! Ayi, sindikuopera makwererowo, amenewo sangathyoke. Ndikuopera iweyo, miyendo yako ikadali ngati ya kamwana ka mbuzi kobadwa dzulo. Bwerani nonse mumthunzi muno, tengani lichero ili muziswa mtedza, manja azigwira ntchito pamene makutu akumva.

Inu mumangowaona atatsamira pankhokwe, mumayesa ndi chitsulo chotola kudzala. Munayamba mwadzifunsapo chifukwa chake amalemera chonchi pamene mapaipi ake ndi owonda? Simunafunsepo. Ana a masiku ano mukafuna kudziwa kanthu mumangokanda pafoni. Ine ndinabadwa ndi nthenda yofunsa. Ndili wamng'ono ndinaphwasula nyali ya bambo kuti ndione kumene kuwala kumagona masana, ndipo anandikwapula mpaka ndinaiwala funsolo kwa masiku atatu.

Makwerero amenewo anali a galimoto ya gemu. Masiku amenewo nkhalango ya kutsidya kwa Luangwa sitinkaitchula paki ngati inu, tinkangoti gemu. Ine ndinatsika kuchokera kumtunda, ku Chipata, ndili mnyamata wosakwatira, nditapatsidwa ntchito ya udalaivala pa kampu ina ya asikauti, alonda a nyama zakutchire. Chigwa chino chinandilandira ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala chiwongolero chinkaotcha manja, ndinkachikulunga chiguduli chonyowa. Mfuwe ya nthawi imeneyo musaiyerekeze ndi ya lero ya mashopu ndi maminibasi. Mvula ikagwa dothi lamakande linkameza mateyala, galimoto inkagona miyezi ingapo, ife n'kumadya nsima ya mapira ndi nsomba zouma kudikira kuti kuphwe.

Galimotoyo tinkaitchula Nyamalikiti chifukwa inali yaitali msinkhu. Padenga pake panali kaliyala wachitsulo, pamene tinkamangapo matenti, tayala la sipeya, zigubu za mafuta ndi matumba a ufa. Kuti ufike pamwambapo unkakwera makwerero amene anali kumbuyo, pambali pa chitseko. Popanda makwererowo katundu ankalowa mkati, anthu n'kusowa pokhala.

Mkulu wa kampu anali a Mwale, munthu wamfupi, wosakonda kubwereza mawu. Anali ndi lamulo limodzi limene aliyense ankalidziwa: munthu asalendewere kunja galimoto ikuyenda. Wopezeka akulendewera ntchito yatha, ndipo dalaivala wake nayenso yatha. Njira zathu zinali zodzaza nthambi ndi minga, kotero lamulolo silinali lachabe.

Tsono chilimwe china makwerero aja anathyoka. Linali Lachisanu, tsiku limene ndinkapita ku Mfuwe kukatenga ufa ndi mchere wa kampu, n'kunyamulanso amayi opita kuchipatala. Nditafika ndinapeza mwendo umodzi wa makwerero ukulendewera. Mmisiri wa ku wekishopu anawotcherera, ine n'kuiwalako. Patapita milungu iwiri, Lachisanunso, anathyokanso.

A Mwale anandiitana. "A dalaivala, motoka iyi yakhala pano zaka zambiri, makwerero osathyoka. Mwabwera imwe, kawiri. Akathyoka kachitatu muzandisiyira makiyi patebulo apa."

Ndinachita mantha kwambiri, ndisakunamizeni. Kumtunda kunalibe ntchito ina yondidikira. Komanso pa kampu paja panali patafika mtsikana wina amene ndinkati ndikamuona ndinkasokoneza magiya. Iwe Madalitso usaseke, amene ndikunenayo ndi agogo ako aakazi, a Elina, ali kukhitchiniwo. Munthu wopanda ntchito, mlendo m'chigwa, akanapita bwanji kukafunsira?

Koma pamwamba pa manthawo panali chidwi. Chitsulo sichithyoka popanda chifukwa. Ndinagona chagada pansi pa galimoto, n'kuyang'ana pothyokapo nthawi yaitali. Ndinaona zinthu ziwiri. Choyamba, sipanathyoke pamene anawotchererapo, panathyoka pambali pake penipeni, pamene moto unafewetsa paipi. Chachiwiri, chitsulocho chinapindikira pansi ndi kumbuyo. Chikanakhala kuti ndinagunditsa pansi potsika gombe la mtsinje, chikanapindikira m'mwamba. Chinachake cholemera chinkakoka makwererowo.

Anthu anandipatsa mayankho ambiri. Wophika anati ndi njovu, zimabwera kudzadzikanda. Ndinafufuza, sindinapeze matope a njovu ngakhale bweya umodzi, ndipo njovu yake ndi iti yodziwa Lachisanu? Sikauti wina anati fisi amatafuna chilichonse. Panalibe mano. Wina anandinong'oneza kuti dalaivala amene ndinamulowa m'malo anachoka ndi mtima wowawa, ndipite kwa sing'anga. Ndinamuthokoza, koma ndinaganiza kuti mfiti yofuna kundipweteka ikanayamba ndi mabuleki.

Apa ndikuuzeni za a Sakala, chifukwa nawonso ankandizunguza mutu. A Sakala anali sikauti wamkulu thupi, moti akakhala pampando wa ndalema unkalira. Akazi awo anali a Tikambenji, mkulu wake wa agogo anu. Chaka chimenecho amayi awo a Tikambenji, a Nambewe, anabwera kuchokera kumudzi cha ku Msoro ndi chilonda cha pamwendo chosapola. Anadzakhala pa kampu kuti azikwera galimoto yathu kupita kuchipatala mlungu uliwonse, ndipo Elina anabwera nawo kudzawasamala. A Nambewewo ndiwo agogo a mayi anu, amene simunawaone.

A Sakala nawo Lachisanu lililonse ankayenera kukaonekera ku ofesi ku Mfuwe. Kale ankakhala nane kutsogolo, mfuti pakati pa miyendo. Koma chilimwe chimenecho anasintha. Ndikati, "A Sakala, tiyeni," iwo ankati, "Pitani a dalaivala, ine nizapita wapansi, nidziwa njira yachidule." N'kunyamuka ife tisananyamuke.

Chodabwitsa n'chakuti ndikafika ku Mfuwe n'kuzimitsa injini, posakhalitsa a Sakala ankatulukira pakona, akupukuta thukuta. Ulendo woti munthu wamba angayende kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka! Ndinkawatama paliponse kuti m'chigwa chino mulibe munthu woyenda ngati a Sakala. Ndinawapempha kuti tsiku lina andionetse njira yachiduleyo, iwo anangoti ndi ya minga kwambiri. Ndinaonanso kuti khosi lawo linkakhala lotupatupa ndi akashembe, ntchentche zoluma zija zimene zimakonda kuthamangira kumbuyo kwa galimoto. Koma mutu wanga sunalumikize.

Panalinso kanthu kena. Tikangochoka pa kampu pali kakhwawa kamene ndinkatsika pang'onopang'ono ndi giya yoyamba. Tikafika pamenepo amayi onse m'galimoto ankayamba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, akuomba m'manja. Ine ndinkati akuopa khwawalo, ndipo ndinkawalimbitsa mtima kuti, "Musaope amayi, muli m'manja abwino." Iwo ankaseka mpaka misozi. Ndinkayesa kuti ndine munthu wanthabwala.

Mufunse kuti bwanji sindinkaona kumbuyo. Kalilole wa pambali nthambi inathyola kale, ndipo galasi la kumbuyo linkadzaza fumbi tisanayende mtunda uliwonse. Galimoto za lero zili ndi maso kumbuyo, akuti mpaka zimalira ukayandikira mtengo. Nyamalikiti inkalira ukagunda kale.

Tsono ndinapanga nzeru imene ndimachita nayo manyazi mpaka lero. Ndinati chinthu chimene chikukoka makwererowa chisiye chizindikiro. Lachisanu lotsatira m'mamawa ndinapala mwaye wa pansi pa mphika, n'kuusakaniza ndi girisi kuti umatirire, n'kupaka kuseri kwa zopondera zonse ndi mogwira momwe. Ndinkangoganiza za chizindikiro. Zoti girisi amaterera sizinandifike m'mutu, ine dalaivala wogwira girisi tsiku ndi tsiku.

Tinanyamuka. A Mwale anali atapita kukayendera malire kwa masiku anayi. Pakhwawa paja amayi anaimba nyimbo yawo. Tinayenda bwino mpaka pamtsinje wina wouma, pamene pamafunika kuponda mafuta kuti mateyala asatitimire mumchenga. Nditangoponda ndinamva kukhadzuka kwa chitsulo, kenako chinthu cholemera kugwa, phii! Amayi anakuwa onse pamodzi, "Imani! Imani a dalaivala!"

Nditatsika ndinapeza a Sakala ali chagada mumchenga, theka la makwerero lili m'manja mwawo. Yunifolomu yawo inali ndi mizere yakuda kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo, ngati mbidzi. Buluku linali litang'ambika kumbuyo konse. Pafupi ndi mutu wawo, mtunda wa dzanja limodzi, panali chitsa cha mtengo chimene madzi anasiya. Chidwi changa chikanapha munthu tsiku limenelo.

A Nambewe anasuzumira pawindo kamodzi, n'kudzifunda chitenje kumutu. A Sakala ataona zimenezo anaiwala ululu, anadzuka n'kuthawira kuseri kwa chitsamba. Ndinawatsatira.

"A Sakala, ndiye njira yachidule ija ndi imeneyi?"

"A dalaivala," anatero akupuma mofulumira, "imwe mwachokera kumtunda, koma kwanu apongozi aliko. Nikhale m'motoka imodzi na amayi amene anabala mkazi wanga? Maondo kugundana pa bampu iliyonse? Nipume mpweya umodzi na iwo? Ningachite bwanji?"

Inu ana a lero mumaona mkamwini akudya mbale imodzi ndi apongozi ake, akujambulana pafoni. Kale sizinali choncho. Ukawaona apongozi akubwera panjira unkapatukira kutchire, ngakhale muli minga. Sunkawayang'ana kumaso, sunkalankhula nawo mwachindunji, mawu ankadzera mwa munthu wina. Sichinali chidani ayi, unali ulemu waukulu kuposa wina uliwonse. A Sakala ankabisala pakhwawa paja, n'kudumphira pamakwerero amayi akuphimba phokoso ndi nyimbo, n'kudzatsika pakona tisanalowe mu Mfuwe. Kampu yonse ya amayi inkadziwa. Wosadziwa ndinali ine ndekha ndi a Mwale.

Tsiku limenelo a Sakala anakwera padenga kudzera kutsogolo, n'kukhala pakati pa matenti. Pobwerera mutu wanga unali pa zinthu ziwiri. Makwerero athyoka kachitatu. Ndikanena zoona zonse, a Sakala ntchito yatha, ali ndi ana anayi ndi apongozi odwala. Ndikakhala chete, makiyi apita.

Koma nthenda yanga ija sinandisiye. Ndinkafunabe kudziwa chifukwa chake chitsulo chinkalephera, poti munthu mmodzi, ngakhale wonenepa, si njovu. Mawa lake ndinauza a Sakala kuti agwedeze galimoto ine ndikuyang'ana. Pamenepo ndinaona kuti kaliyala wa padenga amavina payekha, thupi la galimoto limavinanso palokha. Mmisiri uja anawotcherera makwerero kumwamba ndi pansi molimba, kotero pamabampu ankapotokola ngati munthu akufinya chovala. Kuika munthu wolemera pamenepo kunali kungomalizitsa.

Sindinabwererenso kowotcherera. Tinadula nthambi ziwiri zowongoka za mupani wouma, mtengo umene ngakhale chiswe chimaulemekeza. Tinazisema mpaka zinakwana, n'kuzikhomera mkati mwa mapaipi kuchokera pansi mpaka pamwamba, pothyoka paja n'kulumikizika. N'chifukwa chake amalemera, Tamara, wamva tsopano? Kenako ndinaboola ndi chobowolera cha pamanja, tsiku lathunthu, matuza m'manja. Ndinamanga ndi mabawuti, koma pakati pa chitsulo ndi chitsulo ndinaikapo zidutswa za tayala lakale kuti makwerero azitha kuvina nawo pang'ono. Miyendo yake ndinaitsamiritsa pa chitsulo chachikulu cha pansi pa galimoto. A Sakala anakwera n'kudumphadumpha, osamveka ngakhale kulira.

A Mwale atabwera sanachedwe kuona. Anazungulira galimoto kamodzi n'kundiitana.

"Anathyoka?"

"Anathyoka, bwana."

"Anathyola ndani?"

"Ine bwana. Ndinapakapo girisi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Girisi athyola chitsulo?"

Ndinangoyang'ana pansi.

"Chabwino," anatero. "Dalaivala wina nizaitanitsa. Pa Lachisanu muzayendetsa ulendo wotsiriza, ine nizakhala pambali panu. Tikabwera, makiyi patebulo."

Koma mlungu umenewo kunachitika chinthu chimene sindinkayembekeza. Lachiwiri madzulo a Sakala anabwera kunyumba kwanga atavala malaya oyera. Anati nkhani ya Elina akuidziwa, kampu yonse ikuidziwa, ndipo ngati ndili ndi mawu iwo ali okonzeka kuwanyamula. Ndinati, "A Sakala, Lachisanu ndikhala munthu wopanda ntchito." Iwo anati, "Amayi adziwa. Akuti mawuwo abwere." Ndinapereka kampango katsopano ndi mikanda ngati chikole, ndipo Lachinayi yankho linabwera kuti alandira. Ndinakondwa, koma chimwemwe chake chinali chosakanizika ndi mantha.

Lachisanu a Mwale anakhala kutsogolo nthawi isanakwane. Amayi analowa mmodzimmodzi. A Sakala anaima patali, osadziwa kuti anyamuke wapansi kapena atani. Kenako a Nambewe anatulukira ndi ndodo yawo, Elina ali pambuyo. Ine mwachizolowezi ndinatsika kuti ndiwatsegulire chitseko. Atandiona anaima n'kutembenuza nkhope. Pamenepo m'pamene zinandifika. Kuyambira dzulo lake ndinali mkamwini wawo. Ndinathawira kutsogolo kwa galimoto n'kuyamba kuyang'ana injini imene inalibe vuto.

Ndili pamenepo ndinamva galimoto ikugwedera. A Nambewe anali atapatsa Elina ndodo, atamanga chitenje molimba, akukwera makwerero. Mwendo wodwala ankaukoka pambuyo, chopondera chimodzichimodzi, osafulumira. Ndinkawerengera mabawuti anga m'mutu, kudzifunsa ngati ndinamangitsa onse.

A Mwale anatuluka mothamanga. "Amayi, tsikani! Muzagwa!"

A Nambewe anafika pamwamba, n'kukhala pa tenti, n'kukonza chitenje chawo bwinobwino. Kenako analankhula m'Chikunda, ndikutembenuzirani. Anati, "Bwana, munthu amene mukumufuna ndine. Makwerero awa ankathyoka chifukwa cha ine. Mkamwini wanga wamkulu ankalendewera pano kundipatsa ulemu. Tsopano mkamwini wanga wamng'ono ndiye wagwira chiwongolero, ndipo iyeyo sangalendewere kumbuyo. Nanga ine ndikhale pati? Ngati muchotsa anthu ntchito, yambani ndi ine, ngakhale sindinalembedwe."

A Mwale anayang'ana a Sakala, anayang'ana ine. Iwonso anali munthu wokwatira, ndipo tonse tinkadziwa kuti akapita kumudzi kwa akazi awo ankadzera kuseri kwa makola kuzemba apongozi. Anapita kumbuyo, anagwira makwerero n'kuwagwedeza ndi mphamvu zawo zonse. Anagwada n'kuyang'ana zidutswa za tayala zija, anagogoda paipi ndi chala n'kumva kuti mkati si mwa mphako.

"Muli chiyani umu?"

"Mupani, bwana."

Anadzuka. Kenako anati, "Lamulo langa likamba za kulendewera. Amayi awa sakulendewera, akhala pansi. Elina, kwera ukhale nawo, mumange chingwe kuzungulira. A dalaivala, muyende ngati mwanyamula mazira." Atatero anatembenuka. "A Sakala, lelo njira yachidule ipume. Lowani."

A Sakala analowa n'kukhala pampando kwa nthawi yoyamba chilimwe chonsecho. Pakhwawa paja amayi anayamba nyimbo yawo mwachizolowezi, kenako anazindikira kuti palibe chobisa, nyimbo inathera m'kuseka. Ine sindinaseke. Ulendo wonse ndinkayang'ana nthambi za pamwamba, ndikuzemba iliyonse, thukuta likutsika m'maso. Sindinayendetsepo galimoto mosamala chotero m'moyo wanga wonse.

Titabwerera madzulo ndinazimitsa injini, ndinazula makiyi, n'kuwatsatira a Mwale ku ofesi. Ndinawaika patebulo monga ananenera. Iwo anali akuvula nsapato. Osandiyang'ana anati, "Chotsani vinthu ivi patebulo panga, nifuna kuikapo tiyi. Mailo m'mawa sikisi koloko tipita kumalire."

Ndinayendetsa Nyamalikiti mpaka inakalamba. Injini inafa, thupi linadyeka ndi dzimbiri, nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando wanga. Tsiku limene anabwera kudzaikoka, ndinapempha makwererowo ndipo anandipatsa. Sanathyokenso.

A Nambewe anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake. Ndinawalimira munda, ndinawamangira nyumba, anafera m'manja mwa agogo anu m'mudzi uno. M'zaka zonsezo sanandiyang'anepo kumaso, ndipo sanalankhulepo nane mawu ngakhale amodzi. Sindidziwa ngati ankadziwa bwino maonekedwe a nkhope yanga. Koma tsiku lija, titafika ku Mfuwe, anatsika pang'onopang'ono mpaka phazi linagunda pansi. Ine ndinali nditabisala kuseri kwa chitseko. Anagwirabe makwerero ndi dzanja limodzi, n'kulankhula kwa Elina mokweza kuposa mmene zinkafunikira, kuti mawu adutse chitsekocho.

Anati, "Ukawauze amuna ako kuti makwerero awo ndi olimba."

Anali asanandikwatitse n'komwe, koma anati amuna ako. Ndinalira kuseri kwa chitseko chija, ine mnyamata wamkulu, a Sakala akunamizira kuyang'ana tayala.

Tsono iwe Tamara, ukafuna kukwera kwera, koma uvule nsapatozo. Pamenepo anapondapo apongozi anga.